Tenti yoyamba: onani pansi, denga ndi zipi, zinazo muli nazo kale

Pa Kamwendo, pomwe msewu wa M18 wochokera ku Kasungu umalumikizana ndi wa M12 wopita ku Mchinji ndi ku chipata cha Mwami, nkhani yogona panja si yachilendo. Kumapeto kwa Ogasiti anthu amadzaza magalimoto kupita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri amakagona m'misasa ya udzu. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, Angoni amalowera ku Mtenguleni kufupi ndi Chipata ku mwambo wa Nc'wala. A mpingo wa Seventh-day Adventist nawo ali ndi misonkhano yawo ya misasa chaka ndi chaka. Chachilendo ndi tenti yogula, ija yopindika n'kulowa m'kachikwama, imene mabanja ena ayamba kuifuna kuti apite nayo ku miyamboyi, kapena akaonetse ana njovu ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu. Banja lotere likamagula koyamba limakonda kutaya ndalama pa zinthu zimene lili nazo kale kunyumba, n'kunyinyirika pa chinthu chimodzi chimene mudzi sungapange. Ndalamayo iyenera kuthera pa tenti yokhayo, ndipo pa tentiyo pa malo atatu okha: pansi pake, denga lake lachiwiri, ndi zipi.

Tiyambe ndi funso limene agogo angafunse, ndipo n'lomveka: tenti ya chiyani pamene msasa ulipo? Mitengo inayi, udzu, luzi ndi pepala lakuda lija timafolera zigafa za fodya, basi munthu wagona. Msasa umatchinga mphepo ndi maso a anthu, ndipo masana a mu Okutobala ndi wozizira kuposa tenti iliyonse. Koma pali ntchito imene msasa sungathe. Sutsekeka. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo mwana wa zaka zosakwana zisanu ndi amene malungo amamugwetsa msanga. Linthumbu likapeza njira pa mphasa, banja lonse limadzuka pakati pa usiku n'kumavula zovala. Chinkhanira chimakonda pofunda pansi pa bulangete. Tenti yabwino ndi chipinda chosokedwa pansi mpaka pamwamba, ndipo phindu lake lonse lagona pa kutsekekako. N'chifukwa chake zipi, kanthu kamene wogula sakayang'ana n'komwe, ndiye mlonda wa ana. Itsegulidwe ndi kutsekedwa kangapo pamaso pa wogulitsa. Ikamagwira nsalu kapena kusiya mano otseguka kumbuyo kwake, tentiyo yatha ntchito ngakhale ili yowala chotani. Kaneti ka pakhomo ndi pa mawindo kayang'anidwe choloza kudzuwa, chifukwa kabowo kolowa chala n'kokwanira.

Pansi pa tenti payenera kukhala pa nsalu yokhuthala, yosokedwa mokwera m'mbali ngati beseni, kuti madzi oyenda pansi adutse osalowa. Apa pepala lakuda lija lipeza ntchito: liyalidwe pansi pa tenti kuti ziputu ndi chiswe zisaboole nsalu, koma lidulidwe locheperako pang'ono kuposa tentiyo. Likatulukira m'mbali limakolola madzi a padenga n'kuwatsogolera pansi pa ogona. Denga nalo likhale la nsalu ziwiri, yamkati yopuma ndi yakunja yotchinga mvula, yofika pafupi ndi nthaka, osati kachipewa kongophimba pansonga. Chifukwa chake n'chakuti anthu asanu akagona m'kachipinda kotseka, mpweya wawo umasanduka mame pa nsalu. Tenti ya nsalu imodzi imadontha m'kati ngakhale kunja nyenyezi zili mbee. Pa chikwama cha tenti nthawi zambiri pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi mm, imene imanena kutalika kwa madzi amene nsalu ingapirire asanayambe kulowa. Ya 1,500 ndi poyambira chabe. Wofuna kupita ku Mtenguleni mu Febuluwale afune 2,000 kapena 3,000, ndipo aone ngati m'misoko m'kati anamatamo tepi, pakuti mvula imalowera pa mabowo a singano isanalowere pena paliponse.

Nambala ina ya pa chikwamapo ndiyo imanamiza kwambiri. Akalemba kuti ya anthu anayi, amawerenga anthu ogona mothithikana ngati usipa, aliyense pa malo a masentimita 60 kapena ocheperapo, popanda chikwama, popanda ndowa, popanda mwana wotembenuka usiku wonse. Bambo, mayi ndi ana awiri afunika yolembedwa anthu asanu ndi mmodzi. Komanso kwathu kuno mwana akasinkhuka sagona chipinda chimodzi ndi makolo, ndipo ulendo sufafaniza mwambo umenewu. Matenti awiri aang'ono ozungulira ngati nkhokwe amaposa chitenti chimodzi chachikulu cha zipinda: amalowa mu minibasi popanda kukangana ndi kondakitala, amadzutsidwa ndi munthu mmodzi, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imawadutsa pamwamba pamene chachikulucho imachikankha ngati khoma.

Wina anena kuti yotchipa ya pa msika kapena ya pa kaunjika ikwanira, popeza ulendo wake ndi wa kamodzi pa chaka. Za kaunjika sindikutsutsa kwenikweni. Tenti yakale yolimba imaposa yatsopano yosalimba, bola itambasulidwe yonse pomwepo, ndodo zake ziwerengedwe ndi kupindidwa kuti aone ngati sizinang'aluke, ndipo nsalu ikamamata m'manja kapena kusupuka ngati khungu la njoka, isiyidwe, chifukwa mankhwala otchinga madzi atha. Zotchipa zatsopano zambiri anazipangira kusewera ana pa kapinga masana. Wina anena kuti ndalama yomweyo ingalipire chipinda pa resitihausi. Usiku umodzi n'zoona. Koma pa Mkaika tsiku la Kulamba, pamene mafumu ndi anthu awo abwera kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, zipinda zapafupi sizingakwanire khamu lotero, ndipo tenti youmitsidwa bwino isanapindidwe, kuti isachite nkhungu, imatumikira zaka zingapo. Palinso manyazi aja akuti tenti ndi ya pamaliro kapena ya anthu amene madzi awakokolera nyumba, monga tinaonera kumwera namondwe wa Freddy atawomba mu 2023. Manyazi amenewa satchinga udzudzu.

Zotsalazo siziyenera kudya ndalama. Mphasa kapena mkeka pansi, kamatiresi kopyapyala pamwamba, mabulangete a pakhomo. Anthu amaiwala kuti kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kuno ku Mchinji kumachokera m'nthaka, choncho bulangete limodzi loyala pansi limathandiza kuposa lachiwiri lofunda. Poto, mthiko, chipande ndi mbaula zili kale kukhitchini. Tochi ya sola ili pawindo. Chigubu cha madzi chitsagane ndi WaterGuard, chifukwa pa malo odzaza anthu madzi ndi amene amadwalitsa. Chogula chenicheni mwina ndi zikhomo: timawaya timene timabwera ndi tenti timapindika pa dothi louma la chilimwe, ndipo wowotcherera zitsulo aliyense pa Kamwendo angadule zolimba kuchokera ku zotsala za chitsulo chomangira nyumba. Pa mbaula pokha ndi pamene palibe kukambirana. Makala oyaka, ngakhale amene akuoneka ngati azima, amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka kapena kununkha, ndipo m'tenti yotseka bwino umapha anthu ali m'tulo. Kutsekeka komwe tayamikira kuja ndi kumene kumachititsa mbaula kukhala yoopsa. Igone panja, pamodzi ndi kandulo ndi koloboyi.

Opita ku nkhalango ali ndi lamulo lina. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo ku Mfuwe, m'mphepete mwa Luangwa, njovu ndi mvuu zimadutsa pakati pa matenti usiku. Chakudya chisagone m'tenti. Chitsekeredwe m'galimoto, ndipo tenti ikhomedwe pamene alonda aloza, osati pamene pali mthunzi wokoma. Koma ulendo woyamba usakhale wa kumeneko. Tentiyo iyambe yadzutsidwa pabwalo la pakhomo dzuwa likadalipo, mwana mmodzi akhale m'kati, wina athire madzi padenga ndi kheni yothirira nazale ya fodya, ndipo wam'katiyo aloze pamene padontha, wogulitsa akadali pamalo pomwe munamusiya.