Nkhoko yoyera m'ketulo: kodi madzi athu ali ndi chiyani?

Ambirife tinasuzumirapo m'ketulo n'kupeza pansi payera ngati wina wathiramo phulusa. Timatsuka, koma pakapita masabata ochepa zabwereranso. Amayi nawo amadandaula kuti pamjigo sopo sachedwa kutha, pomwe kunyanja kachidutswa komweko kamachapa mulu wa zovala. Ena afika poganiza kuti madzi a pamjigo kapena apampopi ali ndi zoipa, n'kubwerera kukamwa a m'nyanja. Apa ndiye pali ngozi, n'chifukwa chake tati tikambirane.

Madzi a mvula akamalowa pansi amadutsa m'dothi ndi m'miyala, makamaka ya laimu, n'kumasungunula michere iwiri yotchedwa kashiamu ndi maginiziyamu. Michereyi sioneka, madzi amakhala oyera mbee. Koma tikawawiritsa, kashiamu uja amabwerera kukhala mwala n'kumata pachitsulo. Nkhoko yoyera ija ndi laimu basi. Mukafuna umboni, palani pang'ono, muthirepo madzi a mandimu, muona zikuchita thovu.

Akatswiri amayeza michereyi pa lita imodzi ya madzi. Ikakhala yosakwana mamiligalamu 60, madziwo ndi ofewa. Ikapitirira 120 ndiye kuti yachuluka, ndipo bungwe la World Health Organization limati ikafika cha m'ma 200 imayamba kumata m'mapaipi ndi m'ziwiya. Madzi a mvula ndiwo ofewa kuposa onse. A m'nyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire ali nayo yochepa poyerekeza ndi mijigo yambiri. Apampopi amatengera kumene akuchokera: ngati akupopedwa pansi pa nthaka, laimu amabwera nawo mpaka pakhomo. Paja mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ikhoza kusiyana.

Pakhomo tikhoza kuyeza tokha. Tengani mabotolo awiri ofanana, lina muthiremo madzi a mvula theka, lina a pamjigo kapena pampopi panu. Ikanimo tizidutswa tofanana ta sopo wamtanda, n'kukhutchumula. Botolo limene lachita thovu lochepa, madzi n'kuoneka ngati mkaka wosukuluka, ndilo lili ndi laimu wambiri.

Nanga amatiwonongera chiyani? Nkhoko ija imatchinga kutentha. Ketulo yamagetsi imachedwa kuwira, mayunitsi n'kumapita, ndipo chitsulo chotenthetsa madzi chimatentha mopitirira mpaka kupsa. Poto wapamoto naye amadya nkhuni kapena makala ambiri. Ayironi yotulutsa nthunzi imatsekeka timabowo, n'kumalavulira zoyera pa zovala. Nyemba ndi nandolo zimachedwa kupsa, chifukwa kashiamu amazilimbitsa. Injini ya chigayo imene imazizira ndi madzi imamata laimu m'kati n'kuyamba kutentha msanga.

Asodzi, apa timvetsetsane. Batire yoyatsira magetsi a usipa kapena ya sola pakhomo, ngati ili ya zotsekera pamwamba, imafuna madzi a batire ogula kusitolo, omwe anachotsedwa michere yonse. Tikathiramo a pamjigo, apampopi ngakhale a m'nyanja, michere ija imaunjikana m'kati, batire n'kusiya kusunga moto nthawi yake isanakwane. Botolo la madziwo ndi lotchipa kutalitali poyerekeza ndi batire yatsopano.

Alimi nafenso zikutikhudza. Mankhwala ophera udzu a glyphosate amachepa mphamvu akasakanizidwa ndi madzi a laimu wambiri kapena amatope. Timangoti atigulitsa achinyengo, chikhalirecho vuto ndi madzi. Amene timathirira ndi timapaipi todontheza madzi, tiziyang'ana timabowo take, laimu amatitseka.

Kuchotsa nkhoko m'ketulo sikulira ndalama zambiri. Finyirani mandimu atatu kapena anayi, kapena sakanizani viniga ndi madzi muyezo wofanana, mpaka pamene payera pamire. Wiritsani, musiye kwa ola limodzi, kenako tayani n'kutsukuluza bwinobwino. Osapala ndi mpeni, mungaboole kapena kuwononga chitsulo. Asidi wa m'batire ndiye ayi ndithu, asayandikire chiwiya chophikira. Tikamachita izi mwezi ndi mwezi, komanso osasiya madzi akugona m'ketulo, nkhoko sikula. Nyengo ya dzinja tizikinga madzi a mvula m'migolo yovundikira, oyamba otsuka denga titataya, kuti tizichapira, kuthira mu ayironi ndi kusungunulira mankhwala a kumunda.

Tisiyanitsenso laimu ndi mchere weniweni. Mijigo ina ya kunyanja kuno imatulutsa madzi omveka mchere pakamwa. Amenewa kuwiritsa sikuthandiza, mchere umangowonjezereka madzi akamaphwera. Mjigo wotere tikauze komiti ya madzi ndi alangizi a zaumoyo kuti madziwo ayezedwe.

Chachikulu n'chakuti laimu amawononga ziwiya ndi thumba, koma sadwalitsa munthu. Kashiamu ndi mchere womwewo umene timaupeza mu usipa tikadya ndi minga yomwe, ndipo umalimbitsa mafupa. Madzi a m'nyanja amachita thovu bwino, eya, koma osathira mankhwala akhoza kutibweretsera kolera, ndipo kuima m'madzimo pochapa ndi njira ya likodzo. Sitinaiwale mmene kolera inatipwetekera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mu 2022 ndi 2023. Choncho akumwa akhale a pamjigo kapena pampopi, osungidwa mu ndowa yovundikira, ndipo tikakayika tithiremo kulorini kapena tiwiritse. Ketulo ikayera, mandimu alipo.