Za "Yes" ndi "No" Poyankha Funso Lokana

Mphunzitsi akalowa m'kalasi m'mawa nafuna kuona ntchito imene anapatsa ana dzulo lake, kawirikawiri amapeza mwana mmodzi ali zyoli, buku lake lili chitsekere. Tsono amfunsa m'Chingerezi kuti, "Haven't you done your homework?" Mwanayo aimirira mwaulemu, manja kumbuyo, nayankha kuti, "Yes, sir." Mphunzitsi atambasula dzanja nalandira bukulo, koma potsegula apeza masamba oyera. Pamenepo milandu ya mwanayo ikhala iwiri, wa ulesi ndi wa bodza. Komatu wachiwiriwo ndi womunamizira, pakuti iye ananena zoona zokhazokha. Chimene chamkola ndi mawu awiri aang'ono, "yes" ndi "no", amene sayenda njira imodzi ndi "inde" ndi "ayi" monga momwe ambiri amaganizira.

Pa funso wamba zilankhulo ziwirizi zimagwirizana bwino. Wofunsidwa kuti "Wadya?" akati "Inde", wanena chimodzimodzi ndi wofunsidwa kuti "Have you eaten?" nati "Yes". Chifukwa chake mwana amaloweza msanga kuti "yes" ndiye "inde", ndipo palibe chomuchenjeza kuti kutsogolo njira zidzapatukana. Zimapatukana pa funso lokana. Mayi akafunsa kuti "Sunadye?", mwana wanjala ayankha kuti "Inde, sindinadye", ndipo wokhuta ati "Ayi, ndadya kale." Apa "inde" akuvomereza mawu a wofunsayo, monga ngati kunena kuti "mwanena zoona". Mngerezi satero. Iye sasamala kuti funso labwera ndi maonekedwe otani, koma ayang'ana chinthu chenichenicho. Ngati kudya kwachitika ati "Yes, I have", ngati sikunachitike ati "No, I haven't", kaya wafunsidwa kuti "Have you eaten?" kapena "Haven't you eaten?" Kotero "yes" amatsagana ndi chiganizo chovomera, "no" ndi chiganizo chokana, ndipo mawu akuti "Yes, I haven't" m'makutu a Mngerezi amamveka ngati a munthu amene akuvomera ndi mutu pamene pakamwa pakukana.

Mphunzitsi asayese kuti kayankhidwe ka Chichewa ndi kaumbuli. Anthu a ku Japan nawonso amavomereza mawu a wofunsa monga achitira Achewa, ndipo ana awo amapunthwa pa mwala womwewu pophunzira Chingerezi. Afalansa ali ndi mawu achitatu, "si", otsutsira funso lokana, ndipo Ajeremani ali ndi "doch" wogwira ntchito yomweyo. Ngakhale Chingerezi chomwe kale chinali ndi mawu anayi. "Yea" ndi "nay" anali oyankhira funso wamba, pamene "yes" ndi "no" anali a funso lokana. William Tyndale atamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingerezi, chimene chinasindikizidwa mu 1526, Thomas More anamdzudzula m'buku lake la mu 1532 chifukwa cholemba "no" pamalo poyenera "nay", pa yankho la Yohane Mbatizi pa Yohane 1:21. Chodabwitsa ndi chakuti m'buku la More lomwelo lamulo limene linalembedwa silinagwirizane ndi zitsanzo zimene mwini wake anapereka. Ngati akatswiri otere anasokonezeka m'chilankhulo chimene anayamwira, nanga mwana wa Sitandade 5 alekerenji? Pang'onopang'ono "yea" ndi "nay" anatha m'kamwa mwa anthu, natsala m'malo owerengeka, monga poponya voti m'nyumba ya malamulo ya ku America.

Tsono popeza mawu atsala awiri okha, Angerezi eni ake sakonda kusiya "yes" kapena "no" ali yekha poyankha funso lokana. Amawonjezapo mlowam'malo ndi mneni wothandizira amene anali m'funso. "Didn't she come?" ayankhidwa "No, she didn't" kapena "Yes, she did", "Can't he swim?" ayankhidwa "No, he can't" kapena "Yes, he can". Kamneni kakumapetoko ndiko kanyamula tanthauzo lonse, kotero kuti munthu angathe kusiya "yes" ndi "no" nangoti "She did" kapena "He can't", womva osasokera konse. Ichi ndicho chida chimene mphunzitsi ayenera kupatsa mwana: ayambe waganiza mneni wa yankho lake, ndipo mneniyo ndiye adzamsankhira mawu oyambira.

Pali mtundu wina wa funso umene umamveka tsiku ndi tsiku pocheza, ndiwo kafunso kamene amakalumikiza kumchira kwa chiganizo. M'Chichewa ntchito imeneyi ndi yopepuka, pakuti "eti?" kapena "si choncho?" amakwana pa chiganizo chilichonse. M'Chingerezi mchira umasintha potsata mneni ndi mwini nkhani, ndipo umatembenuka: chiganizo chovomera chitenga mchira wokana, chokana chitenga wovomera. Motero amati "You are tired, aren't you?" koma "You aren't tired, are you?", "Mary went home, didn't she?" koma "Mary didn't go home, did she?" Mawu ngati "never" ndi "nobody" amawerengedwa okana kale, ndiye chifukwa chake amati "He never comes late, does he?" Palinso zina zosatsata lamulo, zimene ndi zoyenera kungoloweza, monga "I am right, aren't I?" ndi "Let's go, shall we?" Liwu likatsika pa mchirawo, wolankhula akudziwa kale ndipo angofuna kuti mnzake amvomereze, likakwera, akufunsadi.

Ophunzira ambiri, pofuna china chofanana ndi "si choncho?", amagwira "isn't it?" namuika paliponse, nati "You are coming tomorrow, isn't it?" Sali okha ayi, pakuti zomwezi zimamveka ku India, ku Singapore ndi m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo achinyamata a ku London ali ndi "innit" wawo amene amamwaza pa ziganizo zamitundumitundu. Pocheza munthu amveka ndithu. Koma wochonga mayeso adzathetha, ndipo ku Malawi wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse.

Kuipa kwake sikuthera pa mayeso. Makhoti a ku Malawi amalemba milandu m'Chingerezi, ndipo maloya amakonda kufunsa mboni ndi chiganizo chokana chokhala ndi mchira, monga "You did not see his face, did you?" Mboni imene sinaone nkhopeyo, ikadalira Chingerezi chake cha kusukulu niti "Yes" poganiza "inde, sindinaione", ingathe kumveka ngati yanena kuti inaiona, ndipo munthu wosalakwa aloza kundende chifukwa cha liwu limodzi. Womasulira waluso amadziwa kuti "inde" wotere ayenera kumtembenuza akhale "No, I did not". Chimodzimodzinso kuchipatala, pamene dokotala wochokera kunja afunsa mayi kuti "Hasn't the child taken this medicine before?", yankho la "Yes" lopanda mneni lingasinthe mankhwala amene mwana apatsidwe.

Palinso msampha wina wobisika kwambiri, wokhudza ulemu. Mchewa wofuna kupempha mofatsa amakonda funso lokana, nati "Simungandithandizeko?" kapena "Simungandibwerekeko cholembera?" Akalitembenuza liwu ndi liwu apeza "Can't you help me?", ndipo ayesa kuti wapempha mwaulemu. Koma kwa Mngerezi mawu amenewa ndi a munthu wotopa ndi kudikira, amene akudzudzula mnzake chifukwa chosathandiza. Pempho lofatsa ndi "Could you help me, please?" kapena "Would you lend me a pen?" Funso lokana m'Chingerezi kawirikawiri limanyamula mtima wa wofunsa. "Haven't you finished yet?" ndi kudabwa kosakaniza ndi kudandaula, "Isn't she clever!" ndi kutama, sikufunsa, "Why don't you see a doctor?" ndi uphungu, ndipo woyankha ndi zifukwa zimene sapitira kuchipatala sanamve chimene wauzidwa. "Won't you sit down?" yekha ndiye ali pafupi ndi ulemu wa Chichewa, pakuti ndi mawu olandirira mlendo, ngakhale kuti amamveka achikale.

M'zolembalemba mafunso otere ndi ochepa. Amapezeka m'makalata a pachibale ndi m'nthano pamene anthu akukambirana. M'kalata ya ku ofesi mawu ofupikitsa amapewedwa, ndipo "Haven't you" asanduka "Have you not". Koma wopempha ntchito kapena malo a sukulu achita bwino kulekeratu funso lokana m'kalata yake. Mphunzitsi naye polemba mayeso a ana asafunse funso lokana lofuna "yes" kapena "no", chifukwa sadzadziwa ngati mwana walephera phunzirolo kapena wangoyankha mwa Chichewa.

Mmera ndi poyamba. Kufotokoza lamulo pa bolodi sikuthandiza kwenikweni ana aang'ono. Chimene chimathandiza ndi kuyeseza pakamwa ndi zinthu zimene onse akuziona. Mphunzitsi anyamule choko nafunse kuti "Is this a book?", ana ati "No, it isn't." Pomwepo afunsenso kuti "Isn't this a book?", ndipo ana aone okha kuti yankho silinasinthe, popeza choko chikadali choko. Atero ndi chitseko chotsegula, ndi mwana amene wajomba, ndi mvula imene sinagwe, mphindi zisanu tsiku lililonse, osalola yankho la liwu limodzi. Mwana akati "Yes, I didn't", asamkalipire, koma amfunse m'Chichewa chimene chinachitika, kenaka amtsogolere ku mneni woyenera. Ndipo mphunzitsi adziyang'anire yekha, pakuti ambiri amene amaphunzitsa lamuloli bwino m'kalasi amabwerera ku "Yes, I haven't" akangolowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Ana akakhazikika pa zimenezi, ndi pamene angaonetsedwe funso lakuti "Do you mind if I open the window?" Funsoli lilibe "not", koma likufunsa ngati munthu akuipidwa nacho chinthucho. Wolola ayankha kuti "No, not at all", ndipo amene ati "Yes, I do" wakaniza, zenera likhale chitsekere.