Zinthu 9 zodabwitsa zokhudza pakati zimene mabanja a ku Amaramba ayenera kudziwa

Nyanja ya Amaramba ndi yosazama, yolumikizana ndi ya Chiuta, ndipo mtsinje wa Lugenda umayambira pamenepo. Imadyetsa mabanja ambiri m'boma la Mecanhelas ndi nsomba komanso mpunga wa m'madambo. Koma madzi omwewo amaweta udzudzu ndi nkhono za likodzo, ndipo mvula ikalimba, ulendo wa ku Insaca kapena kuchipatala chachikulu ku Cuamba umasanduka nkhondo ndi matope. Kwa mayi wapakati, zambiri zimene zimapha sizibwera ndi ululu poyamba. Zikamayamba kupweteka, nthawi imakhala yatha kale.

1. Udzudzu umasankha mayi wapakati. Kafukufuku amene anachitika ku Gambia n'kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2000 anapeza kuti amayi oyembekezera amakoka udzudzu wa malungo kawiri kuposa anzawo opanda pathupi. Mayi wa miyezi yambiri amapuma mpweya wochuluka ndipo khungu la pamimba pake limakhala lofunda, ndiye udzudzu umamupeza msanga. Komanso amatuluka mu neti kawirikawiri usiku kukataya madzi. Tsono abambo, neti imene mayi walandira ku sikelo si yokokera matemba kapena yotchingira mbande kudimba. Ndiwo za tsiku limodzi sizingalipire mwana wobadwa wonyentchera.

2. Malungo amatha kubisala mu nsengwa, mayi ali gwa. Tizilombo timakamatirira mu nsengwa, mmene mwana amalandiriramo chakudya. Mayi samva kutentha thupi, amapita kumunda monga mwa masiku onse, nthawi zina ngakhale kuyeza kwa pachala sikuonetsa kanthu, pamene mwana akulandira chakudya chochepa ndipo magazi a mayi akutha. Mimba yoyamba ndiyo imavutika kwambiri. N'chifukwa chake anamwino amapereka Fansidar kwa mayi amene sakudwala n'komwe: mapiritsi atatu omwera pamaso pawo, kuyambira sabata ya 13, kamodzi pamwezi, osachepera katatu mimba yonse. Dziko la Malawi ndilo linayamba njira imeneyi mu 1993, ndipo Mozambique inaikhazikitsa mu 2006. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku lililonse chifukwa cha HIV samwanso Fansidar, choncho awauze anamwino mosabisa.

3. Msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika mayi asanatsimikize kuti waima. Kanjira kamene kamadzakhala ubongo ndi fupa la msana kamatsekeka pofika masiku 28 mimba itangokhala. Ife kwathu kuno timabisa mimba mpaka ionekere, kuopa maso a anthu ndi afiti, ndipo mantha amenewo sindiwanyoza. Koma kubisira anansi n'kwina, kubisira namwino n'kwinanso. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu n'katatu, osati kanayi ngati kale, ndipo ulendo woyamba ukhale sabata 12 zisanakwane. Pa ulendo woyambawo ndi pamene amayeza chindoko, matenda amene mayi angakhale nawo osadziwa koma amabweretsa mtayo. Jakisoni mmodzi wa penicillin woperekedwa msanga amateteza mwanayo, bola bambo nawonso abayitse, apo ayi matendawa abwereranso kuchipinda. Ndi pamenenso amayeza HIV. Njira yoti mayi aliyense wapakati wopezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo, kwa moyo wonse, inayambira ku Malawi mu 2011, ndipo Mozambique inaitenga mu 2013.

4. Tiyi wa pachakudya amaba ayironi. Magazi a mayi wapakati amachuluka pafupifupi ndi theka, ndiye thupi limafuna ayironi wambiri. Mapiritsi ofiira a ku sikelo aja ntchito yake ndi imeneyo, ndipo chimbudzi chikada chifukwa cha iwo, si vuto, musasiye kumwa. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya kapena mapiritsiwo amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, pamene mango, magwafa ndi mandimu zimathandiza. Kwa mayi wa m'mbali mwa nyanja pali wakuba winanso. Pochapa, potunga ndi popalira mpunga, likodzo limalowera pakhungu n'kumachotsa magazi pang'onopang'ono. Kale amayi apakati ankakanizidwa mankhwala ake, koma kuyambira 2002 akatswiri a WHO anavomereza kuti praziquantel akhoza kuperekedwa kwa mayi woyembekezera. Mkodzo wa magazi usadikire kuti mayi achire kaye.

5. Kutupa nkhope ndi manja si chizindikiro cha mapasa. Kutupa mapazi madzulo kumachitikira amayi ambiri. Koma nkhope ikatupa, mutu n'kumawawa osaleka, maso n'kumachita chidima kapena kuona tinyenyezi, pamwamba pa mimba n'kumapweteka, kawirikawiri ndi BP yokwera, ndipo chotsatira chake chikhoza kukhala kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Apa banja lisataye usiku kwa asing'anga. Kafukufuku wamkulu wa Magpie wa 2002, amene anachitika m'maiko 33, anaonetsa kuti jakisoni wotchipa wa magnesium sulphate amachepetsa chiopsezo cha kukomokaku ndi theka n'kuposa. Kashiamu amathandizanso kupewa vutoli kwa amayi amene sadya wokwanira, ndipo matemba odyedwa ndi minga yomwe ali naye wambiri. Mazira nawonso adye. Dazi la khanda silichokera ku dzira.

6. Mwanamphepo amagwiradi ntchito, ndipo kuopsa kwake n'komweko. Agogo amene amapereka mankhwalawa sanama akamati amafulumizitsa matenda. Amafinyitsa chiberekero mwamphamvu, koma palibe amene amadziwa muyezo wake, ndipo palibe njira yowaletsera akayamba. Ngati njira sinatseguke, kapena mwana wagona chopingasa, chiberekero chimafinya mpaka kung'ambika, makamaka kwa mayi amene anachitidwapo opaleshoni. Kuchipatala mankhwala ofulumizitsa matenda amaperekedwa dontho ndi dontho, namwino akumvetsera mtima wa mwana. Mayi amene wamwa kale asaope kukalipiridwa, anene atangofika.

7. Mayi wathanzi akhoza kutha m'maola awiri atachira bwinobwino. Kumapeto kwa mimba, magazi oposa theka la lita amadutsa m'chiberekero mphindi iliyonse. Nsengwa ikatuluka koma chiberekero osalimba, magaziwo amangotayika, ndipo maso amanama: pansalu ndi pamphasa amaoneka ochepa. Ku Kigoma m'dziko la Tanzania, ofufuza ndi azamba anapeza muyezo wapakhomo, woti nsalu ziwiri za kanga zikanyowa zonse, mayi wataya kale kuposa theka la lita. Chitenje chathu sichisiyana nazo kwenikweni. Chachiwiri chikamanyowa, osadikira kuche: wina asisite mimba pansi pa mchombo mwamphamvu mpaka iume, khanda liyamwe, wina athamangire njinga yamoto. Kuchipatala amabaya oxytocin mwana akangobadwa, ndipo boma la Mozambique linavomereza kuti m'maboma ena amayi akutali azilandira mapiritsi a misoprostol. Amenewa amamwedwa mwana atabadwa basi, ndiponso atatsimikiza kuti mulibe wachiwiri. Kuwamwa mwana ali m'mimba n'koopsa ngati mwanamphepo.

8. Amene amang'amba amayi ambiri m'zipatala za m'maboma si madokotala. Mozambique italandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri anachoka m'dzikomo. Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de cirurgia kuti azichita opaleshoni. Kafukufuku wa 2007 anapeza kuti m'zipatala za m'maboma, opaleshoni za uchembere pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse ankachita ndi iwowa, ndipo patatha zaka 7 ambiri anali akadali kumidzi komweko pamene madokotala anali atasamukira kumizinda. Kafukufuku wina anaonetsa kuti amayi ochitidwa opaleshoni ndi iwo ankachira pafupifupi chimodzimodzi ndi a madokotala. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa, pamodzi ndi anamwino a za amayi ndi ana amene amagwira sikelo masana n'kuchezera m'chipinda chochirira usiku. Banja likauzidwa kuti mayi akufunika mpeni, lisazengereze chifukwa choti amene alipo si dotolo.

9. Mankhwala ena ndi kungosamuka msanga. Pafupi ndi zipatala zambiri ku Mozambique pali nyumba yotchedwa casa de espera, imene tsidya la Malawi amati chidikiro, kumene mayi amakakhala masabata otsiriza. Imafunika kwambiri kwa wa mimba yoyamba, wa mapasa, amene anang'ambidwapo, amene wabereka kambirimbiri, ndi mtsikana amene chiuno chake sichinakhwime. Lamulo la 2019 linaletsa maukwati a ana osakwana zaka 18 ku Mozambique, koma atsikana otenga mimba ali ang'ono akadalipo, ndipo sayenera kubisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi. Matenda akapitirira maola 12 mwana osabadwa, mutu wake umatha kufinya chikhodzodzo mpaka kuboola, mayi n'kutsala akudontha mkodzo usana ndi usiku. Si chilango cha chigololo ayi, ndipo kumuumiriza mayi kuti aulule amuna pamene akuvutika n'kutaya maola amene akanamupulumutsa. Vutoli, lotchedwa fistula, limasokedwa. Dokotala wa ku Italy, Aldo Marchesini, anathera zaka zambiri ku Quelimane akusoka amayi oterewa, ndipo ku Lilongwe kuli malo apadera pachipatala cha Bwaila. Chimene chimalepheretsa amayi ambiri kukadikirira si umbuli, koma mafunso enieni: ana atsala ndi yani, mbalame kumpunga aingitsa ndani, kumeneko ndikadya chiyani? Amenewa ndi mafunso a bambo, apongozi ndi amfumu, ndipo ayankhidwe mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe. Ufa, nyemba, nkhuni, zitenje zoyera ndi ndalama ya mafuta a njinga yamoto zikhale padera, mwini njingayo adziwiretu. Mayi wa kumalire amene amayendera sikelo mbali zonse ziwiri, kwawo ndi ku Nayuchi, anyamule makadi onse awiri kuti namwino womulandira usiku aone mankhwala amene walandira kale.