MADZI OFIIRA A PAMJIGO: VUTO NDI CHITSULO, OSATI MATENDA

ULÓNGUÈ — M'midzi ina ya m'malire muno amayi akumasiya mjigo nabwerera kumtsinje. Dandaulo lawo ndi lakuti madzi amatuluka oyera pamjigo, koma akagona mumtsuko amafiira, amadetsa zovala, ndipo tiyi wake amada bii.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi chitsulo chochokera m'miyala ndi m'dothi. Pansi pa nthaka, pamene palibe mpweya, chitsulochi chimasungunuka m'madzi monga mchere ndipo sichioneka. Madziwo akatuluka nakumana ndi mpweya, chitsulo chija chimasanduka dzimbiri ndi kudikha pansi pa mtsuko. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse likuti chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0,3 pa lita imodzi, chimayamba kudetsa zovala.

Koma chitsulo sichikhala chokha m'madzi, chimagwirana ndi chimene chachipeza. M'madambo chimagwirana ndi msuzi wa masamba owola, ndipo chikatero sichidikha msanga. N'chifukwa chake madzi a m'zitsime za kudambo amakhalabe achikasu ngakhale atagona masiku awiri. M'kapu namo chimagwirana ndi kuwawa kwa masamba a tiyi, tiyiyo n'kuda. Madzi akakhala owawasa amasunga chitsulo chambiri, amadyanso mapaipi achitsulo. Mijigo ya mtundu wa Afridev ili ndi mapaipi apulasitiki okwezera madzi, choncho vutoli limachepako.

Chitsulo chotere sichidwalitsa munthu. Choopsa ndi madzi a kumtsinje, amene amatenga zonyansa za anthu ndi ziweto nthawi ya dzinja. Anthu a m'chigawo cha Tete sanaiwale kolera wa m'chaka cha 2015, amene anawolokanso malire kulowa m'Malawi.

Njira yoyeretsera madziwa siifuna ndalama. Madzi atsanuliridwe kuchoka mu ndowa ina kupita mu inzake kangapo kuti amwe mpweya. Kenaka agone usiku umodzi ali ovundikira. M'mawa atsanulidwe pang'onopang'ono, matope ofiira atsale pansi, ndipo asefedwe pa nsalu yoyera kapena pa mchenga wotsuka bwino. Mankhwala a Certeza athiridwe pomaliza, chifukwa chitsulo chimatha mphamvu ya mankhwalawo akathiridwa poyamba.

Mafumu ndi makomiti a mijigo akupemphedwa kufotokoza zimenezi pa misonkhano ya m'midzi mvula isanayambe, kuti ana asamwe madzi a kumtsinje pamene mjigo ulipo.