Matenda a zilonda za nsomba: zoyenera kudziwa alimi a madamu a m'dera la Mponela

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, pamene chisanu chatsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nsomba za m'madamu zimadya pang'ono, zimakula pang'onopang'ono, ndipo thupi lake limachedwa kulimbana ndi matenda. Ndi nyengo yomweyi imene matenda a zilonda za nsomba, omwe akatswiri amawatcha Epizootic Ulcerative Syndrome kapena EUS mwachidule, anatulukira koyamba m'dziko muno. Munali mu Julayi 2020, m'boma la Mchinji, pomwe asodzi a mumtsinje wa Bua anayamba kuvuula nsomba zazilonda. Boma linaimitsa kwa kanthawi usodzi ndi kunyamula nsomba zamoyo m'madera okhudzidwa, komabe matendawa anafalikira ndithu m'maboma oyandikana nawo, kuphatikizapo lathu lino la Dowa.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri chifukwa cha mmene madzi athu amayendera. Mitsinje ndi madambo a kumadzulo kwa boma lino amathira mu Bua, ndipo Bua amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Mumtsinje womwewu ndi momwe mpasa imakwera kudzaswa. Choncho madzi amene mlimi wa ku Mponela wakhuthula m'damu lake lero sathera pakhomo pake.

Matendawa si a kuno kokha ayi. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, kenaka ku Australia mu 1972, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anasakaza nsomba m'maiko ambiri a ku Asia. Mu Africa anafika cha m'ma 2006, m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, kumalire a Botswana, Namibia ndi Zambia. Pofika lero apezeka m'mitundu ya nsomba yoposa 90. Mwa nsomba zathu, milamba ndi matemba ndizo zimagwidwa msanga.

Choyambitsa chake ndi kachilombo kofanana ndi chuku, kamene dzina lake la sayansi ndi Aphanomyces invadans. Kamabala timbewu tosaoneka ndi maso timene timasambira m'madzi kufunafuna nsomba. Chofunika kumvetsa apa n'chakuti timbewuti timalowa mosavuta pamene khungu la nsomba lasupuka kale. Likhoza kusupuka ndi khoka, ndi manja a munthu, ndi kuthithikana m'damu, ndi tizilombo tina toluma khungu, ngakhalenso ndi madzi owawasa amene amatsika m'madambo mvula yamphamvu ikagwa. Kachilomboka kakalowa, kamamera timizu tolowerera mpaka mumnofu. Poyamba pamaoneka timadontho tofiira, kenaka mamba amathothoka, ndipo pamapeto pake pamatseguka chilonda chakuya, nthawi zina mpaka minga kuonekera. Nsomba yotere imasiya kudya, imasambira mofooka pamwamba pa madzi kapena m'mphepete mwa damu. Kachilomboka kamasangalala madzi akakhala ozizirirapo, cha pakati pa madigiri 18 ndi 22, n'chifukwa chake nyengo ino ndi yofunika kukhala maso.

Si nsomba iliyonse yodwala imene ili ndi EUS. Alipo matenda ena a timadontho toyera, tooneka ngati wina wawaza mchere pathupi ndi pazipsepse za nsomba. Amenewa amayamba ndi kachilombo kena kotchedwa Ichthyophthirius, ndipo nsomba yogwidwa nako imadzikhula pansi kapena m'mbali mwa damu ngati munthu wamphere. Moyo wa kachilombo aka ndi wophunzitsa. Kakakhala pansi pa khungu la nsomba, mankhwala sakafikira. Kakakhuta kamagwera pansi pa damu, n'kudzikuta, n'kuswa ana mazanamazana amene amatuluka kukasaka nsomba zina. Ndi pa nthawi yokhayi, anawo ali pa ulendo m'madzi, pamene mchere kapena mankhwala angawaphe, ndipo akapanda kupeza nsomba amafa okha pakapita masiku ochepa. Ichi ndicho chifukwa chake kuthira mankhwala kamodzi sikuthandiza, pomwe kusiya damu lopanda nsomba kwa kanthawi kumathandiza. Anthu a kunja amene amaweta nsomba za m'nyanja zamchere m'magalasi m'nyumba zawo ali ndi mdani wofanana naye, wotchedwa Cryptocaryon, ndipo amasiya galasilo lopanda nsomba kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo. Chodabwitsa n'chakuti iwo amachepetsa mchere m'madzi kuti aphe kachilomboko, pomwe ife a madzi opanda mchere timachita kuuthira.

Koma mchere si mankhwala a zonse. Chilonda cha EUS chikazama, palibe mankhwala amene angachize nsombayo, ndipo mumtsinje kapena m'dambo palibiretu njira yothirira mankhwala. Wogulitsa aliyense amene angabwere ndi botolo n'kumati limachiza zilonda za nsomba, mlimi asunge ndalama zake. Ntchito ya laimu ndi mchere m'damu ndi kuchepetsa kuwawasa kwa madzi, kufooketsa timbewu timene tikusambira, ndi kuteteza nsomba zimene sizinagwidwe. Muyeso wake umatengera kukula kwa damu ndi mtundu wa dothi, motero ndi bwino kuti apereke ndi alangizi a za nsomba, chifukwa laimu wochuluka amapha nsomba zomwe mumafuna kupulumutsazo.

Mlimi akaona nsomba zazilonda, choyamba ndi kudziwitsa alangizi a ku EPA kapena ofesi ya za nsomba ya khonsolo tsiku lomwelo, komanso kuuza a mfumu ndi anzake a m'kalabu. Kutsimikiza kuti ndi EUS kumafuna kuyeza mnofu wa nsombayo ku labotale, choncho alangizi amafunika kupeza nsomba yodwala ikadali yamoyo kapena itangofa kumene. Zakufa ndi zazilonda zichotsedwe tsiku ndi tsiku, zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, atathiramo laimu, kapena zitenthedwe. Zisatayidwe patchire poti agalu ndi mbalame n'kuzikokera kumtsinje. Polowera ndi potulukira madzi patsekedwe. Chakudya, kaya ndi gaga kaya chogula, chichepetsedwe, ndipo manyowa ayambe aimitsidwa, popeza zotsala zikamaola pansi zimaipitsa madzi. Ikafika nthawi yokhuthula damu, madziwo apite kumunda komwe angalowe pansi, osati mumtsinje, ndipo damulo liume mpaka dothi lichite ming'alu, lithiridwe laimu, musanaikemo nsomba zina.

Pali chinthu chimodzi chimene makalabu ambiri sachiganizira, ndicho khoka. Popeza khoka ndi lodula, kalabu yonse imadalira limodzi, ndipo si zachilendo kuti lituluke m'damu la uyu m'mawa n'kulowa m'damu la uje masana lili chinyowere. Kubwerekana ndi chikhalidwe chathu chabwino ndipo palibe akuti chithe, koma khoka, ndowa, miono ndi nsapato za jombo zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka ziume gwa zisanapite kwina. Pa nthawi ya mliri, kubwerekanako kuyambe kwaima.

Chimodzimodzinso mbewu. Kutola tiana ta nsomba mumtsinje kapena kugula kwa munthu wongodutsa ndi njinga kumaoneka kotchipa, koma ndi khomo lalikulu lolowera matenda. Mbewu ya makumba kapena chilunguni igulidwe kwa oswetsa nsomba odziwika ndi Dipatimenti ya za Nsomba, ndipo ikafika isungidwe payokha kwa masabata osachepera awiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Ena amva kuti nsomba zina zakunja sizigwidwa msanga ndi EUS. Zimenezo n'zoona, koma lamulo la za usodzi silimalola kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo. Milambala ya damu ikwezedwe mvula isanayambe kuti madzi osefukira asalumikize damu ndi mtsinje, ndipo polowera madzi paikidwe sefa yotchinga matemba ndi milamba ya kutchire.

Funso limene anthu amafunsa kawirikawiri ndi lakuti kodi nsombazi n'zodyedwa? Kachilombo ka EUS sikagwira munthu. Komabe chilonda chotseguka chimaitana tizilombo tina timene tingathe kudwalitsa munthu, choncho nsomba yazilonda kapena yotoledwa itafa yokha isadyedwe, isawambidwe, ndiponso isagulitsidwe. Nsomba yopanda chilonda, yophikidwa bwino, ilibe vuto, ndipo palibe chifukwa chonyanyalira nsomba zonse za pamsika wa Mponela.

Chovuta kwambiri pa nkhaniyi si tizilombo ayi, koma mantha a mlimi. Munthu amene wadyetsa nsomba kwa miyezi 6, akuyembekezera kulipirira ana sukulu, akaona ziwiri zitatu zazilonda amayesedwa kukolola usiku n'kukagulitsa mwakachetechete. Tikumvetsa. Koma khoka la usikulo limasupula nsomba zotsala, madzi otsukira amakathera mumtsinje, ndipo pakapita masabata ochepa madamu a kumunsi amakhala atagwidwa. Amene wanena msanga amapeza uphungu wa momwe angakololere nsomba zabwinobwino mwaukhondo, n'kupulumutsako ndalama zina. N'chifukwa chake khonsolo ikupempha mafumu, makhansala ndi makomiti a VDC ndi ADC kuti mlimi woulula vuto asanyozedwe kapena kulozedwa chala ngati wobweretsa tsoka m'mudzi.

Popita kukanena, mlimi atenge mfundo izi: tsiku limene anaona nsomba yoyamba yodwala, mtundu wake, chiwerengero cha zakufa, komwe anagula mbewu, komwe madzi a damu amachokera, ndi madamu ena amene khoka lake lalowamo m'mwezi wapitawu. Amene ali ndi foni yojambula ajambule chilondacho nsombayo asanaikwirire.