Alembi a Nkhani za Upandu: Kodi Iwo Amawerenga Chiyani?

Chiyambi

Mukalowa m'nyumba mwa mlimi mumapeza khasu, nkhwangwa ndi chisenga. Nanga mukalowa m'nyumba mwa mlembi? Mumapeza mabuku. Palibe mlembi amene anangodzuka m'mawa n'kuyamba kulemba asanawerengeko kapena kumvako nkhani za ena. M'mutu uno tiona zomwe alembi a nkhani za upandu ankawerenga, ndi momwe zimenezo zimaonekera m'nkhani zawo. Mukamvetsa zimenezi, mafunso okhudza tsatanetsatane wa nkhani, malo, atengambali ndi mfundo zazikulu sadzakuvutani pa mayeso a MSCE.

Nkhani ya upandu ndi yotani?

Iyi ndi nkhani yomwe yamangidwa pa mlandu monga kupha, kuba kapena chinyengo. Kawirikawiri mumapezamo zinthu zinayi: wolakwa, wolakwiridwa, wofufuza ndi umboni. Mlembi amabisa dala zinthu zina kuti inu owerenga mtima ukhale m'mwamba mpaka pachimake pa nkhani, pomwe chilungamo chimaonekera. Luso lobisa ndi kuulula limeneli mlembi sabadwa nalo ayi. Amaliphunzira kwa anzake omwe anamutsogolera.

Zitsanzo za alembi akunja

Tiyambe ndi Arthur Conan Doyle, yemwe anapanga mtengambali wotchuka uja, Sherlock Holmes, m'chaka cha 1887. Doyle sankabisa kuti anawerenga nkhani za Edgar Allan Poe wa ku America, yemwe mu 1841 analemba za wofufuza wina dzina lake Dupin. Kwa Poe, Doyle anatengako njira yokhala ndi wofufuza wanzeru zakuya, ndipo nkhani n'kumafotokozedwa ndi mnzake wa wofufuzayo. Koma Doyle anali dokotala. Kupenyetsetsa kwa Holmes anakutenga kwa mphunzitsi wake wa zachipatala ku Edinburgh, a Joseph Bell.

Agatha Christie naye anakula akuwerenga nkhani za Holmes. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankagwira ntchito m'chipinda chosungira mankhwala pachipatala, ndipo kumeneko anadziwa za mankhwala akupha. N'chifukwa chake m'buku lake loyamba la mu 1920, The Mysterious Affair at Styles, munthu akuphedwa ndi poizoni osati mfuti.

Chitsanzo chosangalatsa kwambiri ndi James Hadley Chase. Funsani aphunzitsi anu kapena amalume anu omwe anaphunzira sekondale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, akuuzani kuti mabuku a Chase ankayenda dzanja ndi dzanja mpaka chikuto kuthothoka. Nkhani zake zambiri zimachitikira ku America, chonsecho iye anali Mngelezi ndipo polemba buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish, mu 1939, anali asanakhaleko ku America. Nanga anatha bwanji? Anali wogulitsa mabuku. Anawerenga alembi a ku America, n'kupeza mapu ndi dikishonale ya mawu apamsewu a kumeneko. Basi, America yense anamupeza pashelefu.

Taonani mfundo apa: Doyle ndi Christie anaphatikiza zowerenga ndi ntchito yawo, pomwe Chase anadalira kwambiri zowerenga.

Shelefu ya mlembi wa kuno kwathu

Kuno kwathu mawu oti shelefu tiyenera kuwamva mokulirapo. Alembi athu oyambirira analibe mabuku ambiri m'nyumba. Anali ndi nkhokwe ziwiri: nthano zapamoto zomwe anamva kwa agogo, ndi Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922.

Onani buku la John Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe. Gwero lake ndi nthano yamakolo ya abale awiri omwe anapita kutali kukasaka chuma. Pobwerera, Gwenembe akupha Sikusinja chifukwa cha nsanje ndi dyera. Akuganiza kuti palibe wamuona, koma kambalame kakumutsatira, kakuimba zomwe wachita mpaka kumudzi. Taiyesani nkhaniyi pa zinthu zinayi zija. Wolakwa alipo, wolakwiridwa alipo, chifukwa cha mlandu chilipo. Nanga wofufuza? Mulibe wapolisi muno. Kambalame ndi komwe kakugwira ntchito ya mboni, ndipo mudzi ndi womwe ukuzenga mlandu. Amene mumapita kutchalitchi mwakumbukira kale za Kaini ndi Abele, pomwe mbale akupha mbale kuthengo koma magazi osabisika. Nkhani ziwirizi zikukumana pa mwambi umodzi: mlandu suola.

Chitsanzo china ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara lomwe linatuluka mu 1933. Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Mtengambali wake, Nthondo, akukula ndi khalidwe loipa, kuba kumene, koma kumapeto akusintha n'kukhala Mkhristu. Apa mlandu sukuthera kundende koma pa kulapa. Mathero oterewa akuonetsa maphunziro a mishoni omwe mlembiyo anakuliramo.

Pofika m'zaka za m'ma 1970 zinthu zinasintha. Achinyamata ophunzira anayamba kuwerenga mabuku aupandu ochokera kunja, kenaka kunabwera mabuku a Pacesetters omwe kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977, olembedwa ndi anthu a muno mu Africa. Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo analembako limodzi lotchedwa Truth Will Out. Aubrey Kalitera naye analemba m'Chingerezi nkhani zothamanga, za m'tauni, zandalama ndi milandu, monga A Taste of Business (1976) ndi A Prisoner's Letter (1979), zomwe zinasindikizidwa ku Nairobi. Pambuyo pake ankasindikiza yekha mabuku ake kudzera ku Power Pen Books. M'nkhani za nthawi imeneyi kambalame kalowedwa m'malo ndi apolisi, makhoti ndi ndende.

Musaiwalenso kuti mlembi wa nthawi imeneyo sankangowerenga kapena kulemba zomwe wafuna. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board lomwe linkaletsa mabuku ambiri, ndipo zolemba zinkayenera kuvomerezedwa kaye. Choncho boma nalo linali ndi dzanja pa zomwe zinkakhala pashelefu ya mlembi, kufikira pomwe ndale zinasintha mu 1993 ndi 1994.

Nanga izi zikukuthandizani bwanji pa mayeso?

Choyamba, pa malo. Dzifunseni ngati mlembi akulemba za malo omwe akuwadziwa kapena ongowerenga. Whyghtone Kamthunzi, mwana wa kwa Njolomole m'boma lomwe lino la Ntcheu, anali mphunzitsi, ndipo mutu wa buku lake lina, Agnes ndi Mphunzitsi Wake, ukukuuzani kale kuti analemba za dziko la sukulu lomwe ankalidziwa bwino.

Chachiwiri, pa atengambali. Pezani yemwe akugwira ntchito ya wofufuza. Atha kukhala wapolisi, mfumu, mwana, sing'anga, maloto ngakhale chinyama. Mukamupeza, fotokozani zomwe wachita kuti chilungamo chioneke.

Chachitatu, pa zipangizo. Nyimbo yobwerezabwereza, miyambi ndi nyama zolankhula ndi zizindikiro za nkhani zamchezo. Kalozam'mbuyo, makalata, umboni wobisika ndi mathero odzidzimutsa zimapezeka kwambiri m'nkhani za upandu zolembedwa. Musangotchula chipangizo n'kuthawa ayi. Nenani pomwe chili ndi ntchito yake m'nkhanimo.

Chachinayi, pa mfundo zazikulu. Onetsetsani momwe mlandu wathera. Kodi wolakwa walangidwa ndi mudzi, waweruzidwa kukhoti, kapena walapa? Yankho lake likupatsani phunziro la nkhani, monga lakuti choipa chitsata mwini.

Chenjezo

Ophunzira ena akadziwa mbiri ya mlembi amadzaza pepala lonse ndi mbiriyo, funso osaliyankha. Kumeneko n'kutaya malikisi. Wochonga wa MANEB amafuna umboni wochokera m'buku lomwe mwafunsidwa. Mbiri ya mlembi ili ngati nyali: imakuthandizani kuona, koma siyo chinthu chomwe mwatumidwa kukatenga.

Shelefu yanu

Mwina mukuti, "Ife kuno ku Kasinje laibulale yaikulu tiipeza kuti? Buku limodzi timagawana anthu asanu." N'zoona, koma kumbukirani kuti Nthara analemba Nthondo pa nthawi yomwe mabuku a m'chinenero chathu anali owerengeka. Agogo anu akadali ndi nthano. Pabwalo la mfumu milandu ya malire a minda ndi kuba mbuzi imazengedwa poyera, mboni zikupereka umboni, nduna zikufunsa mafunso. Kakhaleni pamenepo tsiku lina, mumvetsere momwe bodza limagwidwira. Nyuzipepala yakale yokulungira zinthu pamsika, musanaitaye iwerengeni. Bwerekanani mabuku ndipo muzibweza. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wophunzira wowerenga zosiyanasiyana amaoneka m'mayankho ake ndi m'chimangirizo chake, monga momwe mlembi amaonekera m'buku lake.

Ntchito

1. Tchulani zinthu zinayi zomwe zimapezeka m'nkhani ya upandu.

2. Fotokozani ntchito ya kambalame m'nkhani ya Sikusinja ndi Gwenembe.

3. Kodi James Hadley Chase anatha bwanji kulemba za dziko lomwe anali asanakhaleko?

4. Sankhani nkhani imodzi mwa zomwe mukuphunzira m'kalasi momwe muli mlandu. M'ndime ziwiri, fotokozani momwe mlanduwo waululikira ndi phunziro lomwe mwatolapo.

5. M'magulu, funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu nthano imodzi yokamba za munthu yemwe anabisa mlandu. Ilembeni ndipo mukaifotokoze m'kalasi.