Pampu Yoziziritsa Injini ya Boti ndi Kakonzedwe Kake

Injini ya galimoto imaziziritsidwa ndi madzi osungidwa mu radiyeta, koma injini zambiri za maboti, monga za Yamaha zimene asodzi a usipa ndi utaka amagwiritsa ntchito ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, zimakoka madzi a m'nyanja momwemo, n'kuwadutsitsa m'timipata ta m'kati mwa injini asanabwerere kunyanja. Ntchito yokoka madziyi imagwiridwa ndi pampu yaing'ono imene ili kumunsi kwa mwendo wa injini, pamwamba pa magiya oyendetsa propela, ndipo m'kati mwake muli impela, kagudumu ka labala kokhala ndi timapiko tofewa. Popeza impela siikhala pakati penipeni pa chikho chimene imazunguliramo, timapikoto timapindika mbali imodzi n'kuwongoka mbali inayo, ndipo kupindika ndi kuwongoka kumeneku ndiko kumayamwa madzi n'kuwakankhira kumtunda.

Madzi omwewo ndiwo amachititsa kuti labala iziterera m'chikho, chotero injini ikalizidwa pamtunda, ngakhale kwa mphindi imodzi yokha, timapiko timatentha, kulimba ndi kuthetheka. Pa nyanja ya Malawi palibe vuto la mchere, koma mchenga wa m'madoko umapala labala ndi chikho chomwe, pamene majumbo ndi zomera za m'madzi zimatseka mabowo olowera madzi. Impela imene yakhalitsa osazungulira imatha kuuma timapiko titapindikiratu, moti sikokanso madzi okwanira.

Chizindikiro choyamba cha vuto la pampu chimaonekera pa kamtsinje ka madzi kotuluka chakumbuyo kwa injini ikamalira, kamene kakachepa mphamvu kapena kuduka woyendetsa ayenera kuzimitsa injini msanga, chifukwa kutentha kopitirira kumawononga gasiketi ndi mapisitoni. Kabowo ka kamtsinjeko kamatsekekanso ndi matope, choncho amakaniko amayamba akatokosa ndi kawaya ndi kuyeretsa mabowo olowera madzi asanamasule chilichonse.

Zimenezi zikakanika, amakaniko amalumula ndodo ya magiya, amamasula mabawuti ogwira mwendo wa injini, n'kuutsitsa pamodzi ndi shafuti, chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu ya injini kupita ku propela. Chikho chikachotsedwa, impela yakale imaunikidwa bwino, ndipo ngati timapiko tina taduka, zidutswa zake ziyenera kufunafunidwa mpaka zitapezeka, popeza zikatsalira m'njira za madzi zimatseka njirazo ndipo injini imatenthabe ngakhale impela ili yatsopano. Chikho ndi kambale kachitsulo ka pansi pake zikakhala ndi mizere yokumbika zimasinthidwanso, ndipo kachitsulo kakang'ono komangiriza impela ku shafuti kasaiwalike, chifukwa popanda iko shafuti imazungulira yokha. Impela yatsopano imapakidwa madzi a sopo, ndipo pobwezera chikho shafuti imatembenuzidwa motsata kumene imazungulira injini ikamalira, kuti timapiko tonse tigone mbali yoyenera.

Kuyesa kumachitika mwendo wa injini uli m'nyanja kapena mu mgolo wodzaza madzi. Poyerekeza ndi mtengo wokonzera injini yopsa, impela ndi yotsika mtengo kwambiri, choncho n'kwanzeru kuiyang'anitsa chaka chilichonse, makamaka nyengo ya mwera isanayambe, chifukwa boti limene injini yake yazima pakati pa mafunde limaika miyoyo ya asodzi pachiswe.